Mbiri ya Augustine wa ku Hippo, Bishopu wa mu Africa Amene Anayamba Wanyoza Malemba

Pa 28 Ogasiti caka ciri conse, mipingo yambiri pa dziko lapansi imakumbukira Augustine, bishopu wa mzinda wa Hippo, amene anamwalira pa tsikuli mu caka ca 430. Iye anali mwana wa mu Africa, wobadwira m'dziko limene lero likuchedwa Algeria. Zimene anaphunzitsa pa za ubatizo, za Mzimu Woyera ndiponso za kawerengedwe ka Malemba zikali kuphunziridwa m'maseminale ndi m'masukulu a abusa. Limodzi mwa mafunso amene analimbana nao kwa zaka zambiri ndi lodziwika ngakhale m'mabanja mwathu: kodi munthu akacoka mu mpingo wina ndi kulowa unzake, ayenera kubatizidwanso? Koma munthu amene anadzayankha mafunso otere anakhala zaka 32 wosabatizidwa, ndipo pamene anatsegula Baibo koyamba anaiona ngati buku la anthu osaphunzira.

Ubatizo umene unacedwetsedwa

Augustine anabadwa pa 13 Novembala mu 354 m'tauni ya Thagaste, imene tsopano ndi Souk Ahras. Pa nthawiyo dera lonselo linali mu ufumu wa Aroma. Atate ake, a Patricius, anali khansala wa m'tauni wa cuma cocepa, ndipo sanali Mkhristu kufikira atatsala pang'ono kumwalira. Amai ake, a Monica, anali Mkhristu wolimbikira mapemphero.

Mwanayo atabadwa anamulemba cizindikiro ca mtanda ndi kumulawitsa mcere, monga anali kucitira ndi oyembekezera ubatizo, koma sanamubatize. Makolo ambiri a masiku amenewo anali kuganiza kuti popeza ubatizo umafafaniza macimo onse ndipo umacitika kamodzi cabe, n'kwanzeru kuyembekezera kuti unyamata ndi zocimwa zake zipite. Tsiku lina mnyamatayo anadwala m'mimba kwa kayakaya, napempha kuti abatizidwe. Amai ake anayamba kukonzekera, koma iye atacira msanga, nkhaniyo inaikidwanso pambali. Atakula, Augustine anadandaula pa mwambo umenewu, nati unali ngati kulola munthu kuti apitirize kudzibvulaza cifukwa mankhwala alipo kutsogolo.

Anaphunzira ku Thagaste ndi ku Madauros, ndipo ali ndi zaka 16 anakhala caka cathunthu pa khomo cifukwa ndalama za sukulu zinasowa. M'caka cimeneco iye ndi anzake anaba zipatso mu mtengo wa mnansi, osati cifukwa ca njala, pakuti zambiri anaponyera nkhumba. Nkhani yaing'onoyi inamubvutitsa mtima moyo wake wonse, cifukwa anaonamo kuti munthu angathe kukonda coipa cabe cifukwa n'coletsedwa. Pambuyo pake munthu wolemera wa kwao, Romanianus, anathandiza kuti apite ku Carthage, mzinda waukulu wa m'deralo, kukaphunzira luso la kulankhula pa gulu. Kumeneko anayamba kukhala ndi mkazi amene sanamange naye ukwati, ndipo mu 372 anabereka mwana wamwamuna dzina lake Adeodatus.

Kunyada kwa wophunzira

Ali ndi zaka 19 anawerenga buku la Cicero lochedwa Hortensius, limene linadzutsa mwa iye ludzu la nzeru. Pofuna nzeruyo anatsegula Malemba, koma anakhumudwa. Baibo ya Cilatini ya nthawiyo inamasuliridwa m'cinenero ca anthu wamba, copanda kukoma kumene iye anazolowera m'mabuku a akatswiri. Nkhani za makolo a m'Cipangano Cakale, za mitala ndi za nkhondo, zinamunyansa. Patapita zaka zambiri anabvomera kuti colakwa sicinali m'bukumo koma mwa iye mwini. Anati Malemba ali ngati nyumba ya khomo lalifupi koma yaitali m'kati, ndipo khosi lake linakana kuwerama kuti alowe.

M'malo mwake analowa cipembedzo ca otsatira Mani, mphunzitsi wa ku Persia. Iwo anali kukana Cipangano Cakale, nalonjeza kufotokoza zonse ndi nzeru popanda kufunsa munthu kuti ayambe wakhulupirira. Augustine anakhala nao zaka 9, ndipo amai ake analira kwambiri. Mafunso ake atacuruka, anamuuza kuti ayembekezere mphunzitsi wao wochuka, Faustus. Faustus atafika ku Carthage anaoneka kuti anali wa pakamwa pokoma koma wosadziwa zambiri, ngakhale kuti Augustine anamuyamikira cifukwa anabvomera poyera kuti mafunsowo anamukanika.

Mu 383 Augustine anapita ku Rome. Ananamiza amai ake pa doko kuti akuperekeza mnzake, nakwera combo usiku. Ku Rome anadwala, ndipo ana a sukulu anali kuthawa ikafika nthawi yolipira. Mu 384 anapatsidwa nchito yapamwamba yophunzitsa luso la kulankhula ku Milan, kumene kunali likulu la mfumu.

Ambrose ndi munda wa ku Milan

Bishopu wa ku Milan anali Ambrose, mlaliki womveka. Augustine anayamba kupita ku chalichi kuti akayese luso la mlalikiyo, monga mmisiri amayang'anira nchito ya mmisiri mnzake. Koma pamodzi ndi kukoma kwa mau, tanthauzo nalonso linayamba kulowa. Ambrose anali kutsatira ciphunzitso ca mtumwi Paulo ca kusiyana kwa zilembo ndi Mzimu, ndipo anali kuonetsa kuti ndime za m'Cipangano Cakale zimene Augustine anali kuseka ziri ndi tanthauzo lozama.

A Monica anamutsatira ku Milan, namufunira mtsikana wa m'banja lolemera. Mkazi amene anakhala naye zaka pafupifupi 15 anabwezedwa ku Africa, nasiya mwana wake m'mbuyo. Augustine analemba kuti mtima wake unang'ambika ndi kukha magazi, komabe sanachule dzina la maiyo m'mabuku ake onse, ndipo posakhalitsa anatenga mkazi wina. Ambiri amene amawerenga mbiri yake amaona kuti mai ameneyu analakwiridwa kwambiri.

Nkhani ziwiri zinamugwedeza. Wansembe wokalamba, Simplicianus, anamusimbira za Marius Victorinus, mphunzitsi wolemekezeka wa ku Rome, amene pa ukalamba wake anadzicepetsa nabvomereza cikhulupiriro pamaso pa mpingo wonse, ngakhale anamulola kucita zimenezo mseri. Mlendo wina, Ponticianus, anamuuza za Antony wa ku Egypt, munthu wosaphunzira kweni-kweni amene anasiya cuma cake napita ku cipululu. Augustine anacita manyazi poona kuti osaphunzira akum'pitirira. M'cirimwe ca 386, ali kulira pansi pa mkuyu m'munda wa nyumba imene anali kukhala, anamva liu la mwana ku nyumba ya pafupi likubwereza kuti atenge ndi kuwerenga. Anatsegula makalata a Paulo, ndipo maso ake anagwera kumapeto kwa mutu 13 wa kalata yopita kwa Aroma, pamene pamaletsa kuledzera, dama ndi ndeu. Kukayika kwake kunathera pomwepo.

Anasiya nchito, nalembera Ambrose kufunsa buku loyamba kuwerenga. Ambrose anamuuza kuti awerenge Yesaya. Katswiri wa mau uja anayesa, koma sanamvetse ngakhale ciyambi cake, ndipo analiika pambali kufikira atazolowera kalankhulidwe ka Malemba. Zimenezi anazilemba yekha osabisa.

Usiku wa Pasaka, pa 24 kucera pa 25 Epulo mu 387, Ambrose anamubatiza pamodzi ndi mwana wake Adeodatus ndi bwenzi lake Alypius. Mwa mwambo wa ku Milan, wobatizidwa anali kutsikira m'dziwe, kufunsidwa katatu ngati akhulupirira Atate, Mwana ndi Mzimu Woyera, ndi kumizidwa katatu. Atatuluka anali kudzozedwa mafuta, kusambitsidwa mapazi ndi kubvekedwa zoyera. Zotsalira za dziwe la ngodya 8 la nthawi ya Ambrose zikali kuoneka pansi pa chalichi cacikulu ca ku Milan. M'caka comweco, ali pa ulendo wobwerera kwao, a Monica anamwalira pa doko la Ostia ali ndi zaka 56. Adeodatus nayenso anamwalira akali mnyamata atafika ku Africa.

Wansembe wosafuna

Augustine anafuna kukhala moyo wa mapemphero ndi kuwerenga ku Thagaste. Koma mu 391, atapita ku Hippo, mzinda wa pa doko umene lero ndi Annaba, anthu anamugwira m'chalichi nam'pereka kwa bishopu Valerius kuti amudzoze unsembe. Iye analira. Cinthu coyamba cimene anapempha cinali nthawi yoti aphunzire Malemba, pakuti anaona kuti sanali wokonzeka kuphunzitsa ena. Ca m'ma 395 anadzozedwa kukhala bishopu, ndipo anatumikira mpingo wa ku Hippo zaka pafupifupi 35.

Masiku ake ambiri anali kuthera pa kuweruza milandu ya minda, ngongole ndi cuma ca masiye. Omvera ake anali asodzi, alimi ndi amalonda, ndipo iye anati n'kwabwino kudzudzulidwa ndi akatswiri a cinenero kusiyana ndi kulankhula zimene anthu sakumva. Anali kufunanso ansembe odziwa cinenero ca Punic, cimene anthu a m'midzi anali kulankhula.

Mkangano wa ubatizo

Mpingo wa mu Africa unali wogawanika pawiri. Pa cizunzo ca mfumu Diocletian, cimene cinayamba mu 303, atsogoleri ena anapereka mabuku opatulika kuti atenthedwe. Ca m'ma 311, Caecilian atasankhidwa kukhala bishopu wa ku Carthage, ena anamukana ponena kuti mmodzi mwa omudzoza anali wopereka mabuku. Gulu limeneli linadzatsogozedwa ndi Donatus. Iwo anaphunzitsa kuti mtumiki wodetsedwa alibe Mzimu Woyera, motero sangapereke cimene alibe, ndipo ali yense wocokera ku mbali inayo anali kumubatizanso. M'matauni ambiri munali mabishopu awiri ndi machalichi awiri, ndipo ku Hippo a Donatus ndiwo anali ambiri pamene Augustine anafika.

Nkhaniyi inali kukhudza munthu wamba. Ngati ubatizo udalira kuyera kwa wobatiza, ndani angakhale ndi mtendere, popeza palibe angaone mu mtima wa mbusa wake? Ca m'ma 400 Augustine analemba mabuku 7 a za ubatizo. Anaphunzitsa kuti mwini ubatizo ndi Khristu, ndipo mtumiki ndi dzanja cabe, kaya akhale wokhulupirika ngati Petro kapena wacinyengo ngati Yudasi. Anayerekeza mtumiki woipa ndi ngalande ya mwala, imene imapititsa madzi ku dimba ngakhale payokha sipamera kanthu. Anayerekezanso ubatizo ndi cizindikiro cimene anali kudinda pa thupi la msilikali: wothawa usilikali akabwerera amakhululukidwa, koma samudindanso. Cifukwa cace ubatizo wocitidwa m'dzina la Atate, Mwana ndi Mzimu Woyera suyenera kubwerezedwa, ngakhale unacitikira ku mpingo wopatuka.

Komabe anasiyanitsa kukhala ndi ubatizo ndi kupindula nao. Anachula Simoni wa ku Samariya, amene anabatizidwa koma mtima wake sunali wolungama. Kwa Augustine, Mzimu Woyera ndiye mphatso ya Mulungu ndiponso cikondi ca pakati pa Atate ndi Mwana, ndipo ndiye amamanga okhulupirira kukhala amodzi. Pa cifukwa cimeneci anati munthu wofuna kudziwa ngati analandira Mzimu afunse mtima wake ngati amakonda mbale wake.

A Donatus anali ndi mboni yamphamvu: Cyprian, bishopu wa ku Carthage amene anaphedwa cifukwa ca cikhulupiriro mu 258, nayenso anali kubatizanso ocokera ku magulu opatuka. Augustine sanabise zimenezi. Anati Cyprian analakwa pa mfundoyo, koma anali wodzicepetsa, pakuti sanaweruze kapena kucotsa mu ciyanjano mabishopu amene anatsutsana naye. Anauza a Donatus kuti anatenga colakwa ca Cyprian nasiya cikondi cake.

Mkanganowo unafika pa ciwawa. Tsiku lina magulu a zibonga a mbali ya Donatus anamubisalira pa njira, ndipo anapulumuka cifukwa womutsogolera anasokera. Mu Juni 411 mabishopu oposa 500 a mbali zonse ziwiri anakumana ku Carthage pamaso pa nduna ya mfumu, Marcellinus, amene anagamula mokomera Akatolika. Apa mpamene pali banga lalikulu pa mbiri ya Augustine. Poyamba anali kukana kuti munthu akakamizidwe pa za cikhulupiriro, koma pambuyo pake anabvomereza malamulo a boma olipiritsa a Donatus ndi kuwalanda machalichi, ponena kuti tauni ya kwao inabwerera ku umodzi cifukwa ca mantha a malamulowo. Anapempha kuti asaphedwe, komabe mfundo zake zinagwiritsidwa nchito m'zaka za m'tsogolo ndi anthu ozunza anzao m'dzina la cipembedzo.

Mzimu, cisomo ndi makanda

Mzinda wa Rome utafunkhidwa ndi asilikali a Alaric mu 410, othawa nkhondo anafika ku Africa, ndipo pakati pao panali Pelagius wa ku Britain ndi wophunzira wake Caelestius. Iwo anaphunzitsa kuti munthu ali ndi mphamvu yosunga malamulo a Mulungu ngati afunitsitsa, ndi kuti ucimo wa Adamu supatsira ana. Mu 412 Augustine anayankha ndi buku la za Mzimu ndi zilembo. Anati lamulo limauza munthu coyenera kucita koma silimupatsa mphamvu, ndipo popanda Mzimu wosintha zokonda za mtima, lamulo limangoonjezera mlandu. Iye anali kulankhula zimene anaziona pa moyo wake, pakuti anadziwa coonadi kwa nthawi yaitali koma osatha kucitsata.

Anafunsanso kuti ngati makanda alibe ucimo wobadwa nao, n'cifukwa ciani amai amathamanga nao ku chalichi akadwala? Msonkhano wa mabishopu wa ku Carthage wa mu 418 unagwirizana naye. Koma iye anafika ponena kuti khanda lomwalira losabatizidwa silingalowe mu ufumu wa Mulungu, ngakhale cilango cake n'copepuka kuposa onse. Bishopu Julian wa ku Eclanum anamutsutsa kolimba. Mu 2007 bungwe la akatswiri a zaumulungu la ku Vatican linatulutsa cikalata, mwa cilolezo ca Papa Benedict XVI, conena kuti pali zifukwa zomveka zoyembekezera cipulumutso ca makanda otere. Mipingo imene imabatiza akulu okha-okha simutsatira konse pa mfundo ya ubatizo wa makanda.

Kuwerenga Malemba modzicepetsa

Buku lake lophunzitsa kamasuliridwe ka Baibo analiyamba ca m'ma 396 nalimaliza patapita zaka 30. Koyambirira kwake anayankha anthu onena kuti safuna mphunzitsi cifukwa Mzimu amawaululira zonse. Anawakumbutsa kuti ngakhale zilembo anaziphunzira kwa munthu, kuti Paulo atamva liu la kumwamba anatumizidwa kwa Hananiya, kuti mngelo anauza Korneliyo kuti aitane Petro, ndi kuti nduna ya ku Ethiopia inafuna Filipo kuti aifotokozere Yesaya. Mulungu amaphunzitsa anthu kudzera mwa anzao kuti kunyada kusapeze malo. Iye mwini anatenga malamulo 7 omasulira Malemba kwa Tyconius, amene anali wa mbali ya Donatus.

Anapereka muyeso wakuti wina akamasulira ndime mwa njira yosakulitsa cikondi ca pa Mulungu ndi ca pa mnansi, ndiye kuti sanaimvetse. Anati ndime zobvuta ziunikiridwe ndi ndime zomveka bwino, ndipo pamene ndime ingamveke m'njira zingapo, munthu asaumirire maganizo ake ngati kuti ndiwo Malemba. Pofotokoza buku la Genesis anacenjeza Akhristu kuti asamalankhule zopanda pake za nyenyezi, nyama ndi nyengo pamaso pa anthu odziwa zinthuzo, kuopera kuti Baibo ingasekedwe. Kwa wina anabvomera kuti zimene sadziwa m'Malemba n'zambiri kuposa zimene adziwa. Wophunzira wina dzina lake Dioscorus anamuuza kuti njira ya ku coonadi imayamba ndi kudzicepetsa, ndipo mbali yake yaciwiri ndi yacitatu ndi yomweyo.

Anayesedwanso pa zocita. Anaika mnyamata wosakhwima, Antoninus, kukhala bishopu wa ku Fussala, ndipo iye anadyera anthu masuku pamutu. Augustine analembera Papa Celestine kubvomera kuti kufulumira kwake ndiko kunabweretsa bvutolo, ndi kuti anaganiza zotula pansi udindo. Ca m'ma 426 ndi 427, atakwanitsa zaka 72, anawerenganso zolemba zake 93 cimodzi-cimodzi, nalemba buku losonyeza pamene analakwitsa ndi pamene anasintha maganizo.

Imfa yake

Mu 429 mtundu wa Vandal, motsogozedwa ndi Geiseric, unaoloka kucokera ku Spain, ndipo mu 430 unazinga Hippo. Augustine anakana kusiya nkhosa zake. M'mwezi wacitatu wa kuzingako anadwala malungo. Anapempha kuti masalmo a kulapa alembedwe ndi kupacikidwa pa khoma pafupi ndi bedi lake, ndipo kwa masiku 10 otsiriza anawawerenga akulira, osalola alendo kupatula sing'anga ndi obweretsa cakudya. Bwenzi lake Possidius, bishopu wa ku Calama amene analemba mbiri yake, anati Augustine anali kuphunzitsa kuti ngakhale Mkhristu wobatizidwa asacoke pa dziko lino wosalapa. Anamwalira ali ndi zaka 75. Sanasiye wilo cifukwa analibe cuma, koma analamula kuti mabuku a mpingo asungidwe bwino.

Mabukuwo anapulumuka. Pakati pa ochuka pali Confessions, m'mene anaulula moyo wake, ndi City of God. Mafupa ake anasamutsidwira ku Sardinia, kenaka ku Pavia m'dziko la Italy. Mu 1990 maulaliki ake ena amene anali osadziwika anapezeka m'nyumba ya mabuku ku Mainz, ku Germany. Martin Luther anali wa cipani ca ansembe cotsata malamulo a Augustine, John Calvin anadalira kwambiri zolemba zake, ndipo Papa Leo XIV, amene anasankhidwa mu 2025, anacokera m'cipani comweco.

Ku Annaba kuli chalichi cacikulu ca dzina lake, cimene cinayamba kumangidwa mu 1881 mwa khama la Charles Lavigerie. Ameneyu ndiye anayambitsa cipani ca White Fathers, amene anafika ku Mambwe Mwela mu 1891. Kuno ku Zambia, seminale ya ku Mpima pafupi ndi Kabwe, kumene anyamata ofuna unsembe amaphunzira, imadziwika ndi dzina la Augustine.